Analemba ndani makalata a agogo a ku Joni?

Loweruka ndinali kumudzi ku Lizulu, tikusanthula sutikesi yachitsulo ya malemu agogo aamuna. Pansi pa zovala tinapeza mpukutu wa makalata omwe ankatumiza ali ku migodi ku Joni, nthawi ya Wenela. Chiswe chadya m'mbali, inki yafwifwa, koma mawu akuwerengeka: moni kwa onse, ndalama ya mbuzi, mwana asasiye sukulu.

Chandisowetsa tulo ndi ichi: agogowo sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, ankadinda chala. Nditafunsa, agogo aakazi anati, "Iwe mdzukulu wanga, kumeneko kunali anyamata ophunzira kumishoni, ndiwo ankalembera anzawo Lamulungu." Nditayang'anitsitsa ndinaonadi kuti si dzanja limodzi. Wina zilembo zake n'zopendekera ngati chimanga chogwa ndi mphepo, wina n'zoimirira, ndipo amalemba "c" pomwe ife lero timalemba "ch". Makalata atatu andizunguza, sindikutha kusiyanitsa.

Ntchito imene yandikanika ndi masoyi kompyuta ikuitha. Mpukutu wa buku la Yesaya unapezeka m'phanga ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, mu 1947, ndipo akatswiri anatsutsana zaka zambiri ngati unalembedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri. Mu 2021 a pa yunivesite ya Groningen ku Netherlands anaphunzitsa kompyuta kusiyanitsa inki ndi chikopa chomwe analembapo, kenaka kuyeza mmene chilembo chilichonse chakhotera. Chilembo cha Chihebri chotchedwa aleph chokha chimapezekamo koposa ka 5,000, palibe diso lingakumbukire zonsezo. Anapeza kuti chapakati pa mpukutuwo dzanja linasintha: alembi anali awiri, olemba mofanana kwambiri. Dzanja la munthu lili ndi chizolowezi chomwe mwini wake sachidziwa, ndipo n'chimene makinawo amagwira.

Tsono taganizani. Mabanja a ku Ntcheu ndi ku Dedza kuno titasonkhanitsa zithunzi za makalata a ku Joni, mwina tingapeze kuti mnyamata mmodzi analembera mabanja makumimakumi, ananyamula zinsinsi za maukwati ndi maliro a mudzi wonse. Kompyuta siingatiuze dzina lake, zoona. Koma ikatiuza kuti dzanja ili ndi lomwe lija, akuluakulu otsala angathe kukumbukira kuti anali mwana wa yani. Ine ndikufuna kumudziwa munthu amene anagwirizira banja la agogo anga ndi cholembera.

Timanyadira zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zomwe UNESCO inazindikira mu 2006, ndipo m'pake. Koma mwala umapirira mvula, pepala ayi. Ndaonapo mabuku akale a mpingo atasanduka zokulungira mandasi, mtima unandiwawa. Ku Mua, komwe mishoni inayamba mu 1902, ku Mlanda, ku Bembeke, ndi m'nyumba za mafumu, zolemba pamanja za makolo ziyenera kuti zilipo zambiri. Ana athu ophunzira za kompyuta sangayeze zomwe chiswe chamaliza.

Amene muli ndi makalata otere, chonde ajambuleni ndi foni masana pamthunzi, pepala litagona bwino, mbali zonse ziwiri, envulopu ndi sitampa yomwe. Azakhali a ku Tsangano akuti ali nawo ena asanu, ndikupita komweko mwezi ukatha.