Kangalawa Kofiira pa Dashibodi ya Amalume

(Ndi mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Amalume anagula Sienta yochokera ku Japan ndi ndalama za usipa, ndipo amanyamula anthu kuchokera pa Boma la Mangochi kupita ku Namwera. Lero aima pa chitunda cha ku Chowe, boneti ikufuka. Akuimbira foni mphwawo, yemwe amakonza zamagetsi a galimoto pa Boma.)

AMALUME: Halo! Mphwanga, siya zonse ubwere. Galimoto yapenga.

MPHWA: Mwaswera bwanji amalume?

AMALUME: Kuswera kwake kuti? Ikutulutsa utsi ngati pa chiwaya cha kanyenya. Popanda chifukwa! Mlatho wa Bakili Muluzi tawoloka ikusekerera.

MPHWA: Mwaizimitsa?

AMALUME: Ndazimitsa chifukwa cha phokoso la mapasenjala. Ine ndimafuna ndikaone kutsogolo.

MPHWA: Isanayambe kufuka sinakuonetseni kanthu pa dashibodi?

AMALUME: Ayi. Zokongoletsa zomwe zija basi.

MPHWA: Zokongoletsa ziti?

AMALUME: Tinyali tija. Ajapani pokongoletsa chinthu sasewera iwe. Usiku muno mumakhala ngati pa ukwati.

MPHWA: Tandiuzani kamodzikamodzi. Kanayaka kati?

AMALUME: Kangalawa.

MPHWA: Kangalawa?

AMALUME: Kali ndi mlongoti, pansi pake mafunde. M'mawa uliwonse kamayaka kobiriwira, tikayenda pang'ono n'kuzima. Ine ndinati galimoto iyi ndi yaulemu, yadziwa kuti yakwatiwa kunyanja.

MPHWA: Ndiye lero?

AMALUME: Lero kafiira. Ndinati kapena kunyanja kwachita mwera.

MPHWA: Mwera mu Okutobala, amalume? Si ngalawa imeneyo. Mlongotiwo ndi choyezera kutentha, chonga chija amakupanitsani kukhwapa kuchipatala. Mafundewo ndi madzi a mu injini. Kakabiriwira m'mawa, ikukuuzani kuti injini idakali yozizira, muyende nayo pang'onopang'ono. Kakafiira, madzi awira.

AMALUME: Ndiye kuti ili ndi malungo.

MPHWA: Aakulu. China chinayaka n'chiyani?

AMALUME: Kabokosi ka masamu. Uku kuphatikiza, uku kuchotsera. Ndinati ikundiwerengera phindu la tsiku.

MPHWA: Ndi batire imeneyo.

AMALUME: Batire ndi yatsopano! Ndinagula mwezi watha, lisiti lili m'chipewa.

MPHWA: Kanyaliko sikanena kuti batire ndi yakale. Kamanena kuti batire sikulandira moto. Ili ngati nkhokwe: alitaneta ndiye mlimi wothiramo. Mlimi akasiya, mumangodya za m'nkhokwe mpaka pansi. Tandiuzani, kabokosiko ndi kangalawako tinayaka motsatizana?

AMALUME: Kabokosi kanayamba, kangalawa n'kubwera pambuyo ngati kakulondola mnzake.

MPHWA: Fanibeluti yaduka. Pa injini yanuyo lamba mmodzi yemweyo ndi amene amazungulitsa alitaneta komanso pampu ya madzi. Masiku apitawa simunamve kulira kwa tswiii mukaliza m'mawa?

AMALUME: Sabata yonse.

MPHWA: Munatani?

AMALUME: Ndinkakweza nyimbo. Zinkatha.

MPHWA: Mayo ine.

AMALUME: Usadandaule, wapereka kale mankhwala. Madzi awira eti? Mnyamata wina wabwera ndi chigubu kuchokera pa mjigo. Ndikutsegula kachitsekerero ka rediyeta pompano.

MPHWA: Amalume! Chotsani dzanja!

AMALUME: Ukundikalipira ine? Amayi ako ndinawabereka kumsana ine.

MPHWA: Pepani, koma chotsani. Madzi ali mmenemo apanikizika, atentha kupitirira owira pa mbaula. Mukatsegula akuthirani kumaso, mukasenda ngati mbatata. Dikirani izizire, ngakhale theka la ola lipitirire. Khalani pa mthunzi, ndikubwera ndi lamba.

(Patapita ola ndi theka. Mphwa wafika pa kabaza wa njinga yamoto, lamba ali m'khosi ngati mkanda. Mapasenjala ali pansi pa mtengo, thukuta kamukamu. Pa galasi la m'mbali papachikidwa chambo zinayi zomangidwa ndi mlaza, ntchentche zayamba kale msonkhano.)

MAYI WA CHAMBO: Achimwene, ndinu makaniko? Fulumirani. Nsomba izi ndinagula zamoyo, pano zayamba kundiyang'ana moipa.

MPHWA: Nanga anthu onsewa atopa ndi chiyani?

AMALUME: Itazizira ndinati ndilize, yangoti tche tche tche. Ndiye amakankha.

MPHWA: Kukankha otomatiki?

AMALUME: Kasanu. Kukwera chitunda.

MPHWA: Galimoto ya otomatiki siilira ndi kukankha, amalume, ngakhale mutaitana mudzi wonse. Ndipo batire yathera pati? Mwazimitsa isanathe.

MAYI WA CHAMBO: Amatiyimbira nyimbo kuti tisatope. Mafoni anayi ali pa tchaja.

AMALUME: Kasitomala ndi bwana.

(Mphwa watsegula boneti, watulutsa lamba wothothoka ngati chingwe cha ukonde wakale. Watsegula potsekera oyilo, wasuzumira, wanunkhiza.)

MPHWA: Mwayi wanu. Mukanapeza pano zoyera ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti gasiketi yapsa, madzi alowa mu oyilo. Pamenepo tikanayamba kukambirana za kugulitsa mbuzi.

AMALUME: Kunena za tiyi, ketulo ija nayo imandithandiza.

MPHWA: Ketulo iti?

AMALUME: Yofiira, yokhala ndi kadontho kumlomo. Imaphethira ndikamakhota m'makona. Ndimadziwa kuti nthawi ya tiyi yakwana, ndimaima pa tiyirumu.

(Mphwa wasiya sipanala. Wasolola kachitsulo koyezera oyilo, wapukuta ndi sanza, wabwezera, wasololanso. Kunsonga kokha ndi kumene kwanyowa.)

MPHWA: Onani apa. Pali timadontho tiwiri, kapansi ndi kapamwamba. Oyilo amayenera kukhala pakati pa timeneti. Wanu sanafike n'komwe pa kapansi. Mukakhota, otsalawo amathawira mbali imodzi, pampu n'kukoka mpweya, ketulo n'kuphethira.

AMALUME: Ndiye si ya tiyi?

MPHWA: Pa nyali zonse za pa dashibodi, yoopsa kwambiri ndi imeneyi. Ikayaka injini ikulira, ndiye kuti oyilo sakufika m'zitsulo. Zitsulo zimakhulana zouma. Mphindi zochepa chabe injini yanoka. Mumapatuka pomwepo n'kuzimitsa, osati kukaima kutsogolo, osati ndikafike kaye pa siteji.

AMALUME: Ndiye ine ndimaima kumene.

MPHWA: Mumaima kukamwa tiyi.

AMALUME: Koma ndimaima.

MAYI WA CHAMBO: Apa akuwinani achimwene.

(Mphwa walowa mkati. Pa galasi la dashibodi pamatidwa kaselotepi kakuda, kodulidwa bwinobwino ndi lezala.)

MPHWA: Ichi n'chiyani?

AMALUME: Kameneko kankandithobwa m'maso usiku. Kachikasu. Kali ngati nsomba yodulidwa mutu ndi mchira.

MPHWA: Ndi chithunzi cha injini. Ndiye tcheki injini amanena uja. Kanayamba liti?

AMALUME: Tsiku lachitatu nditaigula. Anandigulitsa uja anati galimoto ikuzolowera mphepo ya kuno.

MPHWA: Kameneka sikatchula matenda. Kamangoti pali kena kake. Mwina mapulagi, mwina kasensa, mwina waya wadyedwa ndi khoswe. Timalumikiza kompyuta pansi pa chiwongolero apa, galimoto n'kunena yokha nambala ya vuto lake. Kakangoyaka phee, mutha kuyenda mpaka ku galaja. Kakamaphethira, injini ikudumphadumpha, musaikakamize.

AMALUME: Chimatireni selotepi ija sikanandivutenso.

MPHWA: Amalume, mwana akamalira usiku mumamumata pakamwa?

AMALUME: Ndimapita kukagona kwa mkazi wamng'ono.

MPHWA: Tamverani. Mitundu ndi itatu basi. Chofiira, imani. Chachikasu, yendani koma mukaonane ndi makaniko. Chobiriwira kapena chabuluu, ikungokudziwitsani, monga ma indiketa, kapena kabuluu kaja kosonyeza kuti mwayatsa nyali zazikulu mukuthobwa anzanu.

MAYI WA CHAMBO: Ndiye zasiyana ndi kwathu. Ife chambo ukachikanula m'mbali mwa mutu n'kupeza mofiira, ndiye kuti n'chalero.

AMALUME: Mwamva? Ine ndakulira pa nsomba. Chofiira kwa ine ndi chabwino. Cholakwa changa chili pati?

MPHWA: Galimoto si chambo, amalume.

AMALUME: Nanga kofiira kena kaja, kachizindikiro kodabwa kali m'kabwalo? Ndinati galimoto ikudabwa mtengo wa petulo.

MPHWA: Handibuleki. Mukaitsitsa kamazima?

AMALUME: Kamazima.

MPHWA: Tithokoze. Tsiku limene mudzatsitse koma osazima, mudzaone mafuta a mabuleki, mwina achepa. Musadzatsike nacho chitunda ichi kali koyaka. Makona a kuno mukuwadziwa.

AMALUME: ABS ndiye ndikuidziwa. Abale Bwerani, Sienta!

MAYI WA CHAMBO: Amaitanira choncho pa depoti.

MPHWA: Imeneyo ndi yoletsa mateyala kukukuluzika mukaponda buleki mwadzidzidzi. Ikayaka, mabuleki amagwirabe, koma pa mchenga kapena pamvula muzichenjera.

MAYI WA CHAMBO: Ine ndifunseko changa. Mayi woyembekezera uja amaoneka apo, wakhala pa mpando chimimba chili kutsogolo, ndi wa chiyani?

AMALUME: Ameneyo amatikumbutsa kuti oyembekezera azikhala kutsogolo. Ajapani ndi anthu a mwambo.

MPHWA: Si mimba. Ndi chibaluni chija chimafufuma pa ngozi kuti musamenyetse chifuwa pa chiwongolero. Kakakhala koyaka osazima, ndiye kuti tsiku la ngozi mwina sichidzafufuma.

MAYI WA CHAMBO: Ine ndinkachita kumumvera chisoni. Miyezi yonseyi osachira.

(Lamba walowa. Athira madzi, athira oyilo wogula kwa dalaivala wa lole amene waima kudzaonerera. Mphwa watsegula kabokosi ka mafyuzi, watulutsa kanthu konyezimira.)

MPHWA: Uyu ndiye ndani?

AMALUME: Fyuzi ya tchaja. Inkapsa tsiku ndi tsiku, ndiye ndinaikulunga ndi kapepala ka m'paketi ya ndudu. Chiyambire sinapsenso. Nzeru za akuluakulu.

MPHWA: Fyuzi ntchito yake ndi kupsa. Ndi mlonda amene amafa kuti nyumba itsale. Yabuluu iyi ndi ya 15, yofiira ya 10, yachikasu ya 20, manambala alembedwa pamsana. Moto ukapitirira mlingo, iyo imaduka. Mwaimanga ndi kapepalaka, chotsatira kupsa ndi mawaya a kuseri kwa dashibodi, kenako mipando, kenako chambo cha mayiwa.

MAYI WA CHAMBO: Chootcha ku Namwera sagula.

AMALUME: Poti wagwira zamagetsi, uonenso wailesi. Ndikapotokola imafika pa 90 n'kubwerera. Masiteshoni ena onse anathawa.

MPHWA: Sinawonongeke. Wailesi za m'magalimoto akale a ku Japan zimayambira pa 76 kulekeza pa 90, pamene athu ambiri ali kumtunda kwa pamenepo. Pali kachipangizo timaika kuseri kuti izifikako. Mubwere nayo Loweruka.

(Alumikiza mawaya ku batire ya lole. Mphwa wapotokola kiyi kamodzi, osaliza. Dashibodi yonse yati ngwee: ketulo, kabokosi, nsomba, mayi woyembekezera, onse.)

AMALUME: Wandiphera galimoto! Ndinakuitana ili ndi matenda awiri, pano ili ndi khumi!

MPHWA: Dekhani. Ukangotsegula kiyi zimayaka zonse, kuti uone kuti mababu ake ndi amoyo. Ndiponso pogula galimoto mudzayang'ane pamenepa. Ikapanda kuyaka ina, dziwani kuti wina anaizula dala kuti abise matenda. Taonani tsopano.

(Waliza. Injini yadzuka. Tinyali tazima kamodzikamodzi. Katsala kansomba kachikasu. Mphwa wagusitsa kamita kake pa batire.)

MPHWA: 14. Alitaneta yayamba kuthira. Injini ili chozima batire yabwino imaonetsa 12 ndi kakuti, ikalira izikwera cha pa 14.

AMALUME: Kansomba katsala. Bweretsa selotepi ija.

MPHWA: Ndataya kuphompho.

MAYI WA CHAMBO: Nanga ako kangoyaka kumene ako? Kachikasu, kali ngati mjigo.

AMALUME: Musaope mayi, mafuta alipo. Si apo pa E? E ndiye kuti "Eya, alipo." F ndiye "Fulumira, akutha."

MPHWA: Amalume, mwakhala mukuyenda bwanji miyezi yonseyi?

AMALUME: Ndimathira a malita atatu pa ulendo uliwonse. Pa F sindinafikepo, ndine munthu wosamala.

(Mwadzidzidzi pansi pa chiwongolero pamveka mawu a mzimayi, ofatsa, a chilankhulo chachilendo. Agogo ena amene anali atakwera kale atsikanso ndi ndodo yawo.)

MAYI WA CHAMBO: Ayambanso mayi aja! Ine ndinanena kuti galimotoyi inaferamo munthu.

MPHWA: Ndi kamakina kolipirira pa mageti a pamsewu ku Japan, ngati pa Chingeni paja, koma kumeneko amalowetsamo khadi. Kakungodandaula kuti mulibe khadi. Tsono amalume, za lamba, oyilo ndi wa kabaza uyu akudikira apayu.

AMALUME: Taima kaye. Wamva bwino zimene anena mayiwa?

MPHWA: Ndakuuzani kale, akunena za khadi.

AMALUME: Iwe Chijapani unaphunzira kuti? Ine ndakhala nawo miyezi isanu, timamvana. Akuti mwana wa mlongo salipiritsa malume ake. Mapasenjala, kwerani!