Dzina la kamera silijambula chithunzi

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Loweruka lapitali tikuyenda ndi makamera m'tauni kuno ku Johannesburg, mtsikana wina amene wangoyamba kumene kujambula zithunzi za mumsewu anatulutsa Pentax K1000 yake, yogula ndi ndalama za ganyu, nkhope ili mwee. Bambo wina wamkulu ndithu, kamera yodula ya Leica ili lende pachifuwa, anangoiyang'ana n'kunena kuti imeneyo ndi ya ana asukulu, akafuna kujambula zenizeni apeze Leica. Mwana uja anaibweza m'chikwama, osaitulutsanso mpaka dzuwa kulowa. Filimu ili m'kati, misewu yodzaza anthu, iye manja lende chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi.

Bambo inu, ngati mukuwerenga, munalakwa kwambiri. Dzina lolembedwa pakamera silijambula chithunzi. Amajambula ndi munthu amene wafika pamalopo, filimu ili m'kati, chala chili chire. Basi.

Mumzinda womwe uno, ku Soweto, pa 16 June 1976, Sam Nzima anajambula Hector Pieterson, mwana wasukulu amene anawomberedwa ndi apolisi, atanyamulidwa, mlongo wake akuthamanga pambali akulira. Chithunzi chimene chinagwedeza dziko lonse chija chinatuluka mu Pentax. Pentax, bambo! Filimu yake anaibisa mu sokosi kuti apolisi asamulande. Wojambula wina wa kuno ku South Africa, Peter Magubane, ankafika pobisa kamera mu buledi kuti ajambule pamene azungu ankaletsa. Anthu amenewa ankadera nkhawa za kufika pafupi komanso kutuluka ndi filimu yamoyo. Inu mukudera nkhawa kadontho kofiira, chizindikiro cha Leica pakamera.

Mundiuza za Henri Cartier-Bresson, katswiri wojambula wa ku France uja, ndikudziwa. Inde, ankagwiritsa ntchito Leica. Koma ankayenda ndi lenzi ya 50mm pafupifupi moyo wake wonse, ndipo mbali zonyezimira za kamerayo ankazimata ndi tepi yakuda kuti anthu asamuone. Iye ankaibisa, inu mukuionetsa. Daido Moriyama wajambula misewu ya Tokyo ndi tikamera ta Ricoh tolowa m'thumba la malaya. Ndani anamuuza kuti ndi ta ana?

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Kamera yabwino ndi imene uli nayo lero, imene ungathe kuidyetsa filimu mwezi uno ndi mwezi wamawa, imene suopa kukwera nayo taxi kapena kulowa nayo mumsika. Leica M6 imene anaiyambiranso kupanga mu 2022 inatuluka pa mtengo woposa madola 5,000, yopanda lenzi. Tawerengani nokha kuti ndalama imeneyo ingagule mipukutu ingati ya filimu ya Ilford HP5 kapena Kodak Tri-X. Mpukutu umodzi ndi zithunzi 36 zokha. Uugule, ukautsukitse, ulipirenso scan, yoika zithunzizo pakompyuta. Ndalama ya wojambula pa filimu imathera kumeneko, ndipo luso limachokeranso komweko. Munthu wothera zonse pa kamera amatsala ndi mpukutu umodzi womwe amauumira miyezi, kuopa kudina. Ameneyo adzaphunzira liti?

Ndipo K1000 munainyozayo mukuidziwa? Anaipanga kuyambira 1976 mpaka 1997, ndipo n'zoona kuti ana asukulu ambiri anaphunzirira pa imeneyo, chifukwa sifa wamba. Batire yake ndi yoyezera kuwala basi. Ikatha, kamera imajambulabe. Nikon FM2 ya 1982 chimodzimodzi, ndipo shutter yake, kachitseko kolowetsa kuwala ukadina, imafika liwiro la 1/4000 ya sekondi popanda batire. Olympus OM-1 ndi yaing'ono, yopepuka, sibooka khosi. Olympus Trip 35 sifuna n'komwe batire. Zonsezi zimalowa filimu yomweyo ya 35mm imene imalowa mu Leica yanu. Yomweyo! Tri-X sadziwa kuti wagona mu kamera ya ndani.

Mukanakhala kuti mumafuna kumuthandiza mwanayo, mukanamuuza zoti aone. Atsegule kumbuyo, adine pa liwiro lililonse amve ngati shutter ikusintha. Aone ngati siponji yotchinga kuwala yanyenyeka. Aunike lenzi ndi tochi ngati mulibe chuku. Asuzumire mokhala batire ngati simunachite dzimbiri. Mukanamuuza kuti lenzi imodzi, 35mm kapena 50mm, lamba wolimba ndi nsapato zosapweteka n'zokwanira, asavutike ndi tripod, miyendo itatu yoimikapo kamera, ndi chikwama chodzaza magalasi chomwe chimangoitana akuba. Zimenezo ndiye za munthu wamkulu. Inu munasankha kumuchititsa manyazi pagulu.

Zonsezi zikuchokera ku YouTube ndi Instagram kumene anthu amajambula makamera awo kuposa mmene amajambulira ndi makamerawo. Taonani Contax T2. Kendall Jenner, wotchuka pa zamafashoni ku America, atangoionetsa pa TV mu 2017 mtengo unakwera, aliyense kuithamangira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndi kamera yamagetsi ya zaka zoposa 30, tsiku limene idzazime kupeza woikonza ndi zipangizo zake ndi ntchito. Koma mwana wa eni amauzidwa kuti imeneyo ndiye yeniyeni, K1000 yomwe ingakonzedwe ndi munthu wa screwdriver ndi ya ana.

Ndipo inu ogulitsa filimu yotha ntchito, ndili nanu mawu. Mpukutu unadutsa tsiku lake kalekale, wakhala pawindo dzuwa likuwomba, inu n'kuutchula mtengo woposa watsopano ati umatulutsa mitundu yokongola. Munthu akajambule maliro a agogo ake kapena chionetsero cha mumsewu chimene sichidzachitikanso, akatsukitse, apeze zonse zili mbuu. Mudzamubwezera chiyani? Filimu imasungidwa mu fuliji. Ngati mulibe fuliji gulitsani zina.