Kulowa m'mimba mwa ndege yoponya mabomba: Canada ndi America amasiyana pati?

Khomo la Lancaster, ndege yoponya mabomba ya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, lili chakumchira, mbali ya kumanja, ndipo munthu umalowa chowerama ngati ukulowa m'khola la mbuzi. Fungo loyamba kukulandira ndi la oyilo ndi chitsulo chakale. Poti ndegeyo ikaima pansi imapendekera chakumchira, ulendo wopita kwa woyendetsa ndi chitunda, ndipo pakati pake pali chimtanda chachitsulo chogwira mapiko onse awiri, chimene uyenera kuchidumpha. Ine chinandipumitsa kawiri, masana dzuwa likuswa mtengo, nditavala malaya opepuka. Anyamata asanu ndi awiri a m'ndegemo ankachidumpha mumdima, atavala zolemera, mwina moto uli kumbuyo.

Mwa ma Lancaster 7,377 omwe anapangidwa, amene akuulukabe ndi awiri okha. Imodzi ili ku Coningsby ku England, inayo ku Hamilton m'chigawo cha Ontario ku Canada. Anthu a ku Canada amaziona ndegezi ngati manda a abale awo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: anyamata awo oposa 10,000 anafera mu Bomber Command, nthambi ya asilikali a Britain yoponya mabomba ndi ndege. M'katauni ka Nanton ku Alberta maina awo analembedwa pakhoma la mwala panja pa myuziyamu, moti mlendo amayamba wadutsa mainawo asanaone ndege. Lancaster ya kumeneko anthu atatu a m'deralo anaigula mu 1960 kuti isaphwanyidwe, n'kuikoka kudutsa m'minda mpaka m'tauni. Siuluka, koma mainjini ake anayi amalizidwa pa masiku apadera, ndipo alendo amaloledwa kuona m'kati.

Ya ku Hamilton inapatsidwa dzina la Andrew Mynarski wa ku Winnipeg, yemwe anali woombera mfuti mu Lancaster ina pa nkhondoyo. Usiku wina mu June 1944 ndege yawo itayaka moto kumwamba kwa France, iye anaona mnzake Pat Brophy, woombera mfuti kumchira, atatsekeredwa m'kachipinda kake. Anakwawa kudutsa m'moto, nayesa kutsegula ndi nkhwangwa komanso manja, koma zinakanika. Analumpha zovala zikuyaka ndipo anamwalira ndi mabala a moto. Brophy, yemwe anagwa ndi ndege, ndiye anapulumuka. Nkhaniyi ukaiwerenga pakhoma imangomveka ngati nkhani ina iliyonse. Ukasuzumira wekha m'kachipindako, n'kuona kuti parachuti ya woombera inkasungidwa kunja kwake chifukwa m'katimo simunali malo, m'pamene thupi limachita tsemwe.

Kuwoloka malire kupita ku America zinthu n'zosiyana. Ndege zotchuka zili m'manja mwa boma ndipo sukhudza: Memphis Belle ku Dayton, Ohio, komanso Enola Gay yomwe inaponya bomba pa Hiroshima, ku Virginia. Umangoima kutali n'kujambula. Koma mabungwe oima paokha anachita zawozawo. M'malo modikira alendo, iwo ankatenga ndege yoponya mabomba ya mtundu wa B-17 kapena B-29 n'kumayenda nayo mzinda ndi mzinda ngati wamalonda woyenda m'misika. Ikatera pabwalo la ndege, anthu amafola pamzere, kulipira kangachepe, kukwera makwerero, kudutsa pakamlatho kopapatiza ngati phazi limodzi pamwamba pa malo oika mabomba, n'kutulukira kumbuyo. Wandalama zake amagula mpando n'kuuluka nayo.

Ndisaname, njira ya Amereka ili ndi ubwino wake. Mwana wa kumudzi ku Kansas amene sadzafika ku Dayton amaigwira ndegeyo ndi manja ake. Ndipo ndalama za matikiti ndizo zimagula mafuta ndi zipangizo, poti mainjini anayi a zaka 80 sadya pang'ono. Koma mtengo wake waoneka. Pa 2 October 2019 B-17 yotchedwa Nine-O-Nine inagwa pabwalo la Bradley ku Connecticut itanyamula anthu 13, asanu ndi awiri n'kumwalira. Mu November 2022 B-17 ina inawombana ndi ndege yaing'ono pachionetsero ku Dallas, anthu asanu ndi mmodzi anafa. Miyoyo inapita, ndege zosabwerera nazonso zinapita.

A ku Canada nawo si oyera pa nkhani ya ndalama, chifukwa ku Hamilton amagulitsa mipando pa Lancaster yawo, pa mtengo woti enafe tingagulire galimoto yakale. Kusiyana kwenikweni kuli pa zimene amakuuza uli m'kati. Ku America ndinamva zambiri za mphamvu za ndege ndi kuchuluka kwa mfuti zake. Ku Canada wotionetsa, bambo wachikulire wongodzipereka, ankangobwerera ku zaka za anyamatawo, kuti ambiri anali asanakwatire n'komwe.

Mutandifunsa, ine ndisankha ndege yoima pansi, khomo lotsegula, wotsogolera wosafulumira. Chomwe ndinasowa mbali zonse ziwiri ndi anthu amene mabombawo ankawagwera ku Hamburg ndi ku Dresden, mizinda ya ku Germany. Nditaima pansi pa mimba ya Lancaster zitseko za mabomba zili yasa, kutalika kwake mamita 10, mnyamata wina anafunsa kuti mabombawo ankagwera ndani. Wotionetsa uja anakhala chete kaye, kenako anati, "Mafakitale, ndi nyumba zoyandikana nawo."