Mkazi mnzake wa Wendy anali galimoto

Ndaoneranso Genevieve, filimu ya ku Britain ya mu 1953 imene anaitsogolera Henry Cornelius, ndipo sindikugwirizana ndi amene amaiyamikira chifukwa cha magalimoto akale okha. Magalimotowo ndi okongola ndithu, makamaka poti anawajambula mu Technicolor pa nthawi imene mafilimu ambiri oseketsa a m'dzikolo anali akadali akuda ndi oyera, koma chimene chandigwira mtima ulendo uno ndi nkhani ya banja. Mafilimu ambiri achikondi amathera pa tsiku la ukwati, pamene iyi ikuyamba ukwati utachitika kale, ndalama zikuvuta, ndipo mkazi atayamba kutopa ndi zimene mwamuna wake amakonda.

Alan McKim ndi loya wachinyamata amene ali ndi galimoto ya mtundu wa Darracq yopangidwa mu 1904, ndipo anaipatsa dzina la munthu wamkazi, Genevieve. Chaka chilichonse amapita nayo pa ulendo wa magalimoto akale wochoka ku London kukafika ku Brighton, umene umachitikadi mpaka lero mu November, ndipo umalola magalimoto opangidwa chaka cha 1905 chisanafike. Mkazi wake Wendy safuna kupitako, chifukwa akudziwa kuti adzazizidwa, adzadetsedwa ndi mafuta, ndipo adzatsika kukakankha. Ndikamuona Wendy ndimaona mkazi wa pamitala amene mkazi mnzake ndi chitsulo: sangakangane nacho, sangachinenere kwa ankhoswe, koma ndi chimene chimadya ndalama ndi nthawi ya bambo wa m'nyumba.

Anthu ambiri amakumbukira Kay Kendall, amene anasewera ngati Rosalind, chibwenzi cha Ambrose Claverhouse, mnzake wa Alan amene nayenso ali pa ulendowu ndi galimoto yake yakale ya mtundu wa Spyker, makamaka pamene ataledzera anatenga lipenga pamaso pa anthu ovina n'kuliimba mwaluso lodabwitsa. Malo amenewo ndi oseketsadi, ngakhale kuti woimba weniweni anali katswiri wina, Kenny Baker. Komabe ine ndikuti amene ananyamula filimuyi ndi Dinah Sheridan, Wendy uja, chifukwa ntchito yake inali yovuta kuposa ya onse. Anayenera kuonetsa mkazi wokwiya koma wosaleka kukonda, woseka mwamuna wake koma wosalola kuti wina amuseke. Muone mmene akuchitira atafika ku hotelo yonyozeka ya ku Brighton, kumene madzi otentha amapezeka pa maola owerengeka ndipo belu la wotchi yaikulu likulira pafupi ndi zenera: mkwiyo wake ukusanduka chiseko, ndipo mwamunayo akusowa chonena.

Mpikisano wobwerera ku London, umene amuna awiriwa anabetcherana mapaundi 100 kuti aone amene adzayambe kufika pa Westminster Bridge, sunayambike chifukwa cha magalimoto ayi. Unayamba ndi nsanje, poti Ambrose ankadziwana ndi Wendy asanakwatiwe, ndipo Alan sanathe kuchotsa zimenezo m'mutu mwake. Wolemba nkhaniyi, William Rose, amene anali wa ku America, anawaona bwino amuna achingelezi aulemu wawo wa pakamwa, amene akangoti apikisane amasanduka ana, kunamizana ndi kuwonongerana zinthu panjira pamene akazi akungopukusa mitu. Apa ndivomereze kuti zina mwa nthabwalazi zakalamba, ndipo khalidwe la Ambrose lobwera ndi mkazi watsopano chaka chilichonse silindiseketsa monga linkaseketsera oonera a nthawi imeneyo, ngakhale Kenneth More analisewera mokoma.

Malo amene ndimawakonda koposa ali kumapeto. Alan atatsala pang'ono kupambana, ndipo atafika pobetcha ngakhale galimoto yeniyeniyo, akuimitsidwa ndi bambo wina wokalamba amene waizindikira Darracq ija, nayamba kufotokoza kuti anali nayo yotere pamene ankafunsira mkazi wake. Alan akanatha kumudula mawu n'kuthamangira ku mlatho, koma akukhala chete n'kumvetsera, uku akuona mnzake akumupitirira. John Gregson, amene anasewera ngati Alan, sakuchita zambiri pamenepo, nkhope yokha ndiyo ikusintha, ndipo ndi pamene Wendy akumuonanso mwamuna amene anamukwatira. Zoti pambuyo pake matayala a Spyker ya Ambrose akodwa m'njanji za tramu, sitima zoyenda m'misewu ya mumzinda, Genevieve n'kugubuduka yokha kukafika pa mlatho, ndimaziona ngati mphatso imene wolemba anangopereka kwa oonera. Filimuyo ikanakhalabe yabwino Alan akanagonja.

Nyimbo ya harmonica imene imayenda ndi magalimotowa kuyambira poyamba mpaka pomaliza anaipeka ndi kuiimba Larry Adler, koma dzina lake linachotsedwa pa makope oonetsedwa ku America chifukwa anali pa mndandanda wa anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu, moti nyimboyo itasankhidwa kukapikisana pa mphoto za Oscar panalembedwa dzina la Muir Mathieson. Kwawo ku Britain filimuyi inalandira mphoto ya BAFTA ya filimu yopambana ya m'dzikolo, ndipo magalimoto awiri aja tsopano akusungidwa pamodzi ku Louwman Museum mumzinda wa The Hague ku Netherlands.