Chitsulo chofewa sichingapinde chinzake cholimba

Koma anthu ena mumakwiyitsa zedi. Lero ndaona mmisiri wamkulu ndithu akuphunzitsa mnyamata kunola scraper, kachitsulo kopyapyala kopalira matabwa kaja, ndi sikuludiraiva. Sikuludiraiva! Wakhula, wakhula, thukuta lili kamukamu, poika pa thabwa n'kumatuluka fumbi lokhalokha. Ndiye akuti, "Zitsulo za masiku ano n'zabodza." Zandinyansa kwabasi. Chabodza si scraper ayi bambo, ndi chimene mwagwira kudzanja linalocho.

Ndinene momveka: chitsulo chopindira mlomo wa scraper, chimene amati burnisher, chiyenera kukhala cholimba kuposa scraper yo, ndiponso chosalala. Kulimba ndi kusalala, basi. Chogwirira chake chikhale chokongola kapena chonyansa, zimenezo n'zanu.

Scraper sidula ngati mpeni. Imadula ndi kambedza kakang'ono kwambiri kamene mumakapinda m'mphepete mwake, koti maso savuta kukaphonya koma chala chimakamva. Kupinda kumeneko ndi kukankha chitsulo ndi chitsulo chinzake. Tsono chofewacho ndicho chimagonja. Ma scraper ambiri kulimba kwake kumakhala cha m'ma 50 pa sikelo yoyezera kulimba kwa zitsulo ya Rockwell C, ndipo burnisher yeniyeni imapitirira 60. Yopangidwa ndi carbide, chipangizo cholimba kuposa chitsulo wamba, ndiye imaposa pamenepo kutalitali. Nanga msomali? Nanga bawuti? Nanga thunthu la sikuludiraiva wamba, lokutidwa ndi chonyezimira chimene chimangosupuka? Mukamakhula ndi zimenezi, scraper ndiyo ikusema chida chanucho. Tayang'anani bwino, muona timizere tating'ono pathunthupo. Timizereto tikukuuzani kuti wapambana ndani.

Ndipo musandiuze kuti "chitsulo chilichonse chimatheka." Sichitheka. Safunsa adadya phula.

Sindikunena kuti aliyense athamange kukagula chida chodula. Thunthu la valavu ya injini yakale limagwira ntchito bwino. Pini ya pisitoni nayonso. Msana wa tchizulo chabwino umapinda mlomo ndithu ngati wasalazidwa. Ena amatenga tupa yakale, kuchotsa mano ake onse ndi kuipukuta mpaka iwale, ndipo chimakhala chida chenicheni. Koma muyese kaye! Tengani tupa, mudutsitse pachitsulocho. Ikaterereka osaluma, chitsulocho n'cholimba. Ikaluma n'kusiya bala, chibwezereni kumene mwachitenga. Samalani ndi mabiti oboolera, chifukwa ambiri kumbuyo kwake kogwidwa ndi makina n'kofewa kusiyana ndi kutsogolo. Anthu amangoti poti ndi biti ndiye kuti ndi yolimba yonse. Ayi.

Kusalala nakonso musakunyoze. Chitsulo cholimba koma chokhakhala kapena chadzimbiri chimang'amba kambedza kaja m'malo mokapinda, ndipo zokala zonsezo mudzazipeza pa thabwa lanu tsiku lopaka vanishi. Dutsitsani chikhadabo. Chikakodwa penapake, pukutani kaye, ndipo podzakhula mupake kadontho ka oyilo.

Za maonekedwe anthu amakangana mpaka kutsala pang'ono kumenyana, wina akuti yozungulira, wina ya ngodya zitatu, wina yonga dzira. Ine ndimati tengani yozungulira, chifukwa imalowa ndi m'ma scraper okhota omwe. Koma yozungulira yofewa ndi zinyalala, ya ngodya zitatu yofewa ndi zinyalalanso.

Kodi vutoli limachokera kuti? Ulesi wofunsa ndi kutengera zimene munaona kwa wina amene nayenso sanafunse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mnyamata wophunzirayo. Amakula akukhulupirira kuti scraper ndi chida chachabe, n'kumathera tsiku lonse pa sandipepa, akupuma fumbi, pamene scraper yonoledwa bwino imatulutsa timapepe topyapyala topotana ndi kusiya thabwa likuwala, ngakhale pamfundo pamene puleni imang'amba. Mwamulanda luso mwana wa eni ake chifukwa cha sikuludiraiva.

Pali enanso awa amene ali ndi burnisher yabwino koma amalumpha ntchito yoyambirira. M'mphepete simunawongole ndi tupa kuti mukhale madigiri 90, simunadutse pa mwala wonolera kuchotsa mizere ya tupayo, mwangofikira kukanikiza ndi mphamvu zanu zonse ngati mukulimbana ndi mdani. Kupendeketsa pang'ono chabe, madigiri 5 mpaka 10, kudutsa kawiri kapena katatu, n'kokwanira. Mukapitiriza, kambedza kamapiringizika n'kusiya kuluma, ndiye muyambanso kunyoza chitsulo.

Ndipo inu amene mumaponya burnisher m'bokosi limodzi ndi matupa ndi misomali, kenako n'kuitenga kukakhomera nayo pini yokanirira ndi hamala, musabwerekenso ya munthu.