Kumenya mumatha, nanga umboni ku khoti akapereke ndani?

Ana anga a kuno ku Kasungu, tamverani nkhalamba ilankhuleko. Khalidwe lija layambanso. Munthu akangokuwa kuti "wakuba!", aliyense watola chake: wina chibonga, wina njerwa, wina wathamangira teyala ndi petulo. Mwezi wathawu, pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, ndinaona ndi maso angawa mnyamata atamangidwa ndi linya, magazi ali chuchuchu, ati waba thumba la feteleza. Amayi obereka ana kumsana ali kalikiliki kujambula pafoni. Mwini fetelezayo n'kuti asanafike n'komwe kudzamuzindikira.

Ndikakufunsani mumati, "Agogo, tikampereka kupolisi, mawa timuona akumwa tiyi pamsika." Paja kuno belo yomwe timaidziwa ndi ya fodya yopita ku Chinkhoma. Belo ya kukhoti si kuthetsa mlandu ayi. Munthuyo amangodikira mlandu wake ali kunyumba, tsiku likakwana abwerere. Ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko lino, omwe tinayamba kuwatsata mu 1994, imati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo sanalakwe kufikira khoti litampeza wolakwa. Mawu amenewa sanalemberedwe mbava. Ife tinakhalako nthawi yomwe munthu ankatengedwa usiku n'kukatsekeredwa ku Dzaleka kapena ku Mikuyu zaka, osauzidwa chomwe walakwa. Inu munabadwa zimenezo zitatha, n'chifukwa chake mukuziseweretsa.

Tsono chondinyansa kwambiri ndi ichi. Pomenya munali anthu mazana. Tsiku la mlandu likafika, majisitireti wakhala pampando, woimira boma akuitana mboni, panja zii! Wina ali kudimba, wina akuti thiransipoti yavuta, wina samani anayatsira mbaula. Mlandu uimitsidwa kawiri, katatu, kenako woganiziridwayo amasulidwa poti umboni palibe. Inu nomwe muyambe kunyoza pa Facebook kuti makhoti ndi ogulidwa. Majisitireti sanali pamsika paja, ndipo saweruza ndi mphekesera.

Si inu kodi munavina pa 3 February 2020, majaji asanu atathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019? Chinapambanitsa mlandu uja n'chakuti anthu anapita kukaima pamaso pa majaji, mapepala ofufutidwa ndi tipeksi ali m'manja, n'kupirira mafunso a maloya miyezi ingapo.

Dziwaninso kuti womenyedwayo akafa, umenewo ndi mlandu wakupha, ndipo umakazengedwa kukhoti lalikulu, osati kwa amfumu kopepesa ndi nkhuku. Wobweretsa petulo ndi wogwira miyendo lamulo limawatenga ngati woyatsa machesi. Kanema uja mukutumiziranayu nkhope zanu zikuoneka bwinobwino, ndaonamo ndi ana awiri omwe makolo awo ndimapemphera nawo.