Musanandiimbire foni, yambani mwanena odi

Lachiwiri lapitali ndinachoka ku Matero mpaka ku Kamwala chifukwa amayi ena a shopu yosindikiza mapepala anaimba kuti netiweki yafa, printa sikumva. Nditafika ndinatsegula Command Prompt, kazenera kakuda kolembamo malamulo pa Windows, n'kulemba ping ndi nambala ya printayo, adiresi yake pa netiweki. Zii. Tinapeza kuti malaiti atabwerera, rauta, kabokosi kogawa netiweki, inapatsa printa nambala yatsopano, kompyuta n'kumaitanabe yakale. Ntchito ya mphindi ziwiri, ulendo wa theka la tsiku.

Ine ndikuti aliyense wokhala kutsogolo kwa kompyuta muofesi muno mu Lusaka azidziwa ping. Sizifuna digiri ya ku UNZA ayi. Ping ndi odi basi. Kompyuta yanu imatumiza kauthenga kakang'ono kotchedwa echo request kudzera mu ICMP, njira imene makina amatumizirana mauthenga otere pa netiweki, ndipo inzakeyo ikakhalapo imabweza echo reply. Windows imagogoda kanayi, mabayiti 32 ulendo uliwonse, n'kukuuzani nthawi imene yankho latenga m'mamilisekondi. Linux, mnzake wa Windows, ndiye ilibe manyazi, imangogogodabe mpaka mutadina Ctrl ndi C. Pulogalamuyi anailemba Mike Muuss ku America mu December 1983, dzina anatengera kulira kwa sonar, makina amene sitima zapansi pa madzi zimafufuzira zinthu. Ife kuno nyanja yamchere tilibe, koma odi timamudziwa bwino.

Odi sayambira kwa amfumu, amayambira pakhomo loyandikira. Gogodani kaye pa rauta yanu. Pa ma MiFi ambiri a Huawei nambala yake ndi 192.168.8.1. Ikapanda kuyankha, vuto lili m'chipinda momwemo, mwina waya, mwina Wi-Fi, ndiye musavutitse a kampani ya intaneti. Ikayankha, yesani 8.8.8.8, seva ya Google, kompyuta yotumikira makompyuta ena. Apa pakakhala chete, funsani kaye ngati bandulo ilipo, chifukwa nthawi zambiri yankho lake n'lochititsa manyazi. Kenaka lembani ping google.com. Nambala ikamayankha koma dzina ayi, intaneti ilipo ndithu, chadwala ndi DNS, imene imasandutsa maina kukhala manambala.

Koma anzanga a ntchitoyi, pano timalakwitsa ndife. Mnyamata akangoona "Request timed out" wathamanga kale kukauza abwana kuti seva yafa. Yafa bwanji? Mukapita kwa munthu amene sanaike ndalama za chilimba, mukanena odi kanayi osayankhidwa, mumabwerera mukulira maliro? Ali m'nyumba momwemo, wangotsitsa wailesi. Firewall ya Windows, mlonda woletsa mauthenga osafunika kulowa m'kompyuta, nthawi zambiri imakana ping mwadala, ndipo maseva ambiri amachitanso chimodzimodzi pomwe ntchito zina zonse zikuyenda. Ngakhale yankho lenilenilo limangotiuza kuti makinawo ndi oyaka ndipo njira ilipo. Printa ikhoza kuyankha ping kanayi konse ilibe inki ngakhale dontho.

Amayi a ku Kamwala aja ndinawalembera mizere itatu ija papepala, ndinamata ndi selotepu pambali pa sikirini. Anayang'ana pepalalo, n'kundiyang'ana ine, akuti, "Ndiye mwananga, ukandiphunzitsa zonsezi udya chiyani?" Printa ndinaipatsa nambala yosasintha, ndalama ya basi anandibwezera, ndi fanta pamwamba.